Manda a Alfonsi Ndi Ati?

Pa benchi ya panja pa ofesi ya khonsolo ku Chipata, mayi wachikulire wochokera ku Madzimoyo anasendera kuti mtsikana wobereka mwana akhale. Mzere sunkayenda.

"Amama, nanunso mwabwerera za puloti?"

"Puloti yomwe, mwanawe, koma ya amuna anga. Ndikufuna andionere m'buku nambala ya manda awo."

"Simudziwa pamene anagona?"

"Anamwalirira kuchipatala kuno mvula ili pakati, msewu utaonongeka, ndiye tinangowaika m'tauni muno. Mtanda unali wathabwa, chiswe chinadya. Tsopano pali mitumbira iwiri yogundizana, yofanana ngati mizere ya mbatata."

"Ndiye mumatani?"

"Ndinasankha wa kumanja. Novembala aliyense ndimakalimirapo, n'kuwauza zonse: za mbuzi zimene anagulitsa mng'ono wawo, za mdzukulu wokana sukulu. Ndimawakalipiranso, a Alfonsi amenewo."

"Nanga lero chavuta n'chiyani?"

"Ana agula chiliza, amisiri akubwera Loweruka. Simenti si khasu, mwanawe. Ukaika polakwika, waika basi."

"Chikalata cha maliro mwatenga? Mkatimo adzafunsa."

"Chili m'mpangomu, pamodzi ndi chitupa changa cha reji."

"Nanga akakuuzani kuti amuna anu ndi a kumanzere?"

"Chiliza chipita kumanzere. Mwamuna wako ndi mwamuna wako."

"Wa kumanjayo bwanji?"

"Ameneyo ndizimulimirabe. Munthu wamva zinsinsi zonse za banja lathu, osauzako wina aliyense. Wotere sumutaya, mwanawe."