Tinawatsekera a Mawotchi M'chipinda Masiku Atatu

Amene tikuwaperekeza lero ambiri munkawadziwa kuti a Mawotchi. Dzina lawo la paubatizo linatsala m'buku la kutchalitchi, moti ngakhale mayi athu anafika poliiwala. Anabadwa m'chaka cha 1976, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ali achiwiri mwa ana anayi. Ine amene ndikuwerenga ndine mkulu wawo. Ndikupempha mzime wathu, amene waima kumbuyoko, asendere pafupi, chifukwa moyo wake uli pachiswe ndipo mbiri iyi ndalembera iyeyo kuposa wina aliyense.

Sukulu malemuwa analekezera chaka chachiwiri cha sekondale. Mutu wawo sunali pa mabuku, unali pa kumasula zinthu. Wailesi ya bambo anaimasula katatu. Kachitatuko inayamba kulankhula bwino kuposa mmene inabwerera kusitolo, ndipo mkwapulo unathera pomwepo. Anaphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza mawotchi, kenako anaika tebulo lawolawo pakhonde la sitolo ya nsalu. Pamenepo munkawapeza kagalasi kali pa diso limodzi, akutola tizitsulo tochepa ngati mutu wa nyerere.

M'chaka cha 2001 anakwatira mlamu wathuyu, telala wa pakhonde lomwelo, amene anangobwera kudzakonzetsa lamba wa wotchi. Kumpingo ankaimba besi m'kwaya komanso ankasamala wotchi ya pakhoma. Ena ankawanena kuti amaithamangitsa dala kuti ulaliki ufupike, ndipo iwo sanakanepo.

Za mowa sindibisa, chifukwa kubisa ndi kumene kwatifikitsa pano. Anayamba ngati wina aliyense, botolo limodzi poweruka. Patapita zaka, manja aja anayamba kunjenjemera m'mawa, osagwira kachitsulo mpaka atamwa kaye. Ankati, “Wotchi yopanda mafuta siyenda, achimwene.” Ife tinkaseka. Mzime wathu, amene amakonza mafoni pa tebulo lomwelo, anaphunzira kwa iwo luso la manja, n'kutengera pomwepo ndi mamwedwe.

Chaka chatha maso awo anasanduka achikasu, miyendo inatupa, mimba inakula pamene thupi lonse likuwonda. Kuchipatala anati chiwindi chawonongeka. Dokotala anawauza kuti mowa asiye, koma abwere adzagonekedwe kuti awathandize kusiyako ndi mankhwala. Malemuwa ankaopa chipatala ngati mwana. Tinakhala pansi abanja, ine ndili patsogolo, n'kunena kuti chimene dokotala akufuna n'chakuti munthuyu aleke mowa, nanga zimenezo zingatikanike pakhomo? Sitinabwerere kukafunsa chifukwa chake anati agonekedwe. Safunsa anadya phula.

Lolemba la sabata ino m'mawa, malemuwa analowa okha m'chipinda chawo n'kundipatsa kiyi. Anati, “Achimwene, ngakhale ndilire bwanji, musatsegule.” Tsiku loyamba anatuluka thukuta mpaka kunyowetsa matiresi. Lachiwiri anayamba kukuwa kuti pakhoma padzaza nyerere, zikuwalowa m'malaya. Mlamu anandigwadira kuti tipite nawo kuchipatala. Ine ndinati umenewo ndi mowa ukutuluka m'thupi, tilimbe mtima. Tinkangotsegula powapatsa madzi ndi chakudya, n'kutsekanso, n'kumawaimbira nyimbo za kwaya kunja kwa chitseko kuti kulirako kusamveke kwa anansi.

Lachitatu masana tinamva chinthu chikugwa. Tinawapeza pansi, thupi lonse likugwedezeka ngati munthu wa khunyu, lilime atadziluma. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma sanatsitsimuke. Anatisiya Lachinayi m'mawa. Namwino wamkulu anandiitanira pambali, ndipo sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anangondifotokozera kuti munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, thupi lake limazolowera, ndipo kumudula mowa mwadzidzidzi popanda mankhwala ndi omuyang'anira kungathe kumupha. Mowa unawadya pang'onopang'ono kwa zaka makumi awiri. Kiyi amene anali m'thumba mwangamu anamaliza ntchitoyo m'masiku atatu. Mlamu, ana inu, ndilibe mawu okupepeserani nawo.

Tsopano imvani chimene chandisowetsa mtendere. Dzulo mzime wathu anaima pafupi ndi bokosi, analumbira kuti sadzalawanso mowa, n'kukakhuthula mabotolo ake onse m'ngalande. Ambiri munamuyamikira, ena munati imfa iyi yabala chipatso. Kenako anauza mkazi wake kuti tikachoka kuno amutsekere m'chipinda, aone ngati iye sangapirire pomwe akulu ake analepherera. Lero m'mawa ndamuona akulephera kufikitsa kapu ya tiyi pakamwa. Malaya ake anyowa kale ndi thukuta, ndipo lero ndi tsiku lachiwiri.

Iwe mng'ono wanga, kusiyako usiye ndithu, ndikufuna usiye kuposa mmene ukufunira iweyo. Koma njira imeneyo ndaiyenda ine, ndipo mapeto ake ndi dzenje ili. Ndakuuza patokha, wandiyankha kuti ine sindine woyenera kukupatsa malangizo. Ukunena zoona. N'chifukwa chake ndikukupempha pamaso pa anthu onsewa. Galimoto ya mpingo ili pamsewupo. Tisadikire mawa, tikangothira dothi tinyamuke kupita kuchipatala. Ngati sukufuna kukwera ndi ine, kwera ndi abusa, ine nditsatira wapansi. Azibambo amene mumamwa naye, musamuseke, mugwireni mkono. Mlamu wamng'ono, chitseko chimenecho musachitseke, ngakhale akuopsezeni.

Malemuwa asiya mkazi wawo, ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, komanso mdzukulu mmodzi amene sanayambe kuyenda. Asiya mayi athu okalambawa. Asiya mlongo wawo, asiya ine, asiyanso mzime wathu, amene dzina lake ndikufuna likhalebe pa mndandanda wa otsala.

A Mawotchi apumule mu mtendere, zowawa zawo zatha. Koma iwe mng'ono wanga, kupuma kumeneko usakuthamangire. Mayi sangathe kuika ana awiri sabata imodzi, ndipo ine sindingathe kuwerenganso mbiri ina.