Zipewa Zonse Zitatembenukira Kumanzere

Mwaswera bwanji, abale ndi alongo? Ambuye alemekezeke. Ine ndine Mwale, mlangizi wa zaulimi kuno ku Kakumbi.

Nditamaliza dipuloma ya zaulimi, ntchito sinapezeke. Ndinafunsira uku, ndinafunsira uko, konse zii. Imene inapezeka inali yoyendetsa galimoto ya pa loji, yoonetsa alendo nyama m'paki. Abale, inkanditopetsa! Munthu wophunzira za nthaka ndi thonje, tsiku lonse kumangomva, "Imani, dalaivala! Bwererani m'mbuyo!" Chifukwa cha mbalame. Mbalame, abale! Ndinkafunsa Mulungu ngati sukulu yonse ija inali ya zimenezi. Yankho silinabwere.

Patapita zaka ndinalembedwa ntchito imene ndinaphunzira, ndipo anandipatsa njinga yamoto yoyendera alimi.

Tsiku lina masana mwana wathu Misozi anatentha thupi mpaka kuyamba kukomoka. Ndinakweza amayi ake pa njinga ija, mwana ali kumsana, ulendo wa ku kiliniki. Panjira tinapeza galimoto ya alendo ikukwawa, fumbi lonse likuthera kumaso kwathu.

Amayi ake anakuwa, "Atate ake a Misozi, pitirirani! Mwana akutisiya, inu mukuperekeza alendo?"

Mpata wodutsira unalipo kumanja. Koma ndinaona zipewa zonse za alendo zitatembenukira kumanzere, wina akuloza kuthengo. Mpando wa dalaivala ngati uja ndinaukhalapo kale ine. Pa nthawi yotere maso ake sakhala pa galasi loonera kumbuyo, amakhala kumene kwaloza chala cha mlendo. Ndipo pofuna kuti onse ajambule bwino, amapingasa galimoto pamsewu osachenjeza munthu. Ndinagwira mabuleki.

"Mwaimiranji? Kapena mukufuna kujambula nawo?" anatero amayi ake, akundimenya kumsana.

Asanatsitse dzanja, galimoto ija inakhota n'kutseka malo omwewo amene tikanadutsa. Kutsogolo kwake kunatulukira njovu yaikazi ndi kamwana kake. Tikanapitirira, kaya tikanagunda chitsulo, kaya tikanagwera m'miyendo ya njovu. Ndinazimitsa injini kuti phokoso lisaikwiyitse. Kudikira kumene kuja, mwana akubuula, ine manja ali pa chiwongolero osachita kanthu, sindinavutikepo chotero. Njovu zinadutsa. Tinafika. Anali malungo, ndipo Misozi anachira. Ndi uyo ali mu kwayayo.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ena amati unali mwayi, ena amati ndili ndi mankhwala a njovu. Ayi! Nkhaniyi ndaiganizira mbali zonse. Mulungu anandiphunzitsa kuona msewu ndi maso a dalaivala, ndipo anandiphunzitsira pa ntchito imene sindinkaifuna. Munthu amene amadziwa njinga yamoto yokha amaganiza kuti aliyense akumuona. Sakumuona, abale! Sakumuona!

Lero ndikuyendera alimi anga ndi miyendo yanga yonse iwiri, ndipo ndikuthokoza. Koma inu achinyamata onyamula anthu pa njinga zamoto, ndakuuzani mpaka mawu kusasa, inu n'kumangoseka kuti, "Amadala ayambanso." Ndatopa kulankhula. Ndapempha m'bale wina woyendetsa lole ya thonje kuti abwere nayo, ndipo ili panjapo. Tikatuluka musathawe. Aliyense akwera pa mpando wa dalaivala, ine ndiimika njinga yanga pambali pa lole, ndipo andiuze ngati akundiona.

Ameni.