Mwana wa Mayi Jamuna Wasowa Ali M'nyumba

Nthawi ya zilengezo zanu yakwana pano pa Wailesi ya Chigwa cha Simle, ndipo wokuwerengerani ndine Kopila Thapa. Tiyambe ndi kupepesa. Mwakhala masiku khumi ndi limodzi osatimva chifukwa phiri la Ratomate linagumuka pomwe akukumba msewu paja, n'kupita ndi mapolo atatu a magetsi. Zilengezo zanu sizinatayike. Zonse zinkasiyidwa pansipa kwa Mayi Phulmaya ogulitsa tiyi, ndipo mukudziwa nokha kuti kalata ikafika m'manja mwa Mayi Phulmaya ndiye kuti yaulutsidwa kale. Komabe lamulo lathu ndi loti chimene chafika chiwerengedwe, ndiye tiziwerenga monga zinafikira, ngakhale zambiri zapitirira nthawi yake.

Choyamba. Bambo Tilak Basnet a m'mudzi wa Dandagaun, mwana wa malemu Bambo Padam Basnet, amene afika mwezi watha kuchokera ku Japan komwe akhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akugwira ntchito pa fakitale yolongedza zakudya, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Dandagaun, Simle, Kaphalbot ndi Tallo Besi kuti mayi awo, Mayi Jamuna Basnet, akwanitsa zaka 84. Mwambo wowanyamula pa machila kuzungulira mudzi udzachitika Lachisanu pa 14 mwezi uno wa Mangsir pakhomo pawo. Udzayamba 10 koloko m'mawa, ndipo akuti 10 koloko yake ndi ya pa wotchi. Udzatha 12 koloko. Ofuna kubwera ayimbe foni pofika Lachiwiri n'kunena kuti adzakhala angati, chifukwa mipando ilipo makumi anayi. Nsapato zidzaikidwe pamzere zitayang'ana kunja. Mbale zamasamba zidzatayidwe m'dengu lakumanja, mabotolo m'dengu lakumanzere. Oyimba ng'oma ndi zitoliro akupemphedwa kudzaimba motsitsa, kuopa kusokoneza anthu oyandikana nawo. Akudziwitsanso kuti sayenda khomo ndi khomo kukapereka mtedza wa supari woitanira anthu, poopa kutayitsa anthu nthawi. Chilengezo chino chikhale supari wa aliyense. Akupepesa chifukwa cha kutalika kwake. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Tilak Basnet, ku Dandagaun.

Kalatayi yalembedwa pa makina, ndipo yapindidwa bwino ngati malaya osita.

Chotsatira ndi cha msonkhano. Bambo Lok Bahadur Basnet a ku Kaphalbot, mng'ono wa malemu Bambo Padam, akuitana amuna ndi akazi onse a banja la Basnet kuti akumane Lamlungu pansi pa mkuyu wa pamphambano. Nkhani ndi imodzi, yoti aone ngati aitanidwa kapena ayi. Akuti amva mphekesera kuti kwa alamu awo kuli mwambo, koma ayang'ana m'dzanja lawo sanaonemo supari, ndipo chibadwire sanaitanidwepo ndi wailesi yoyankhula, nanji yozima. Akutinso sabata yatha anakwera phiri kukaona mwana wa achimwene awo, ndipo asanatsitse n'komwe ndodo mwanayo anayang'ana wotchi n'kuwafunsa kuti, "Munali ndi mawu, bambo aang'ono? Ulendo wina muziyamba mwaimba foni." Akukumbutsa abale kuti mwana ameneyu anamuwolotsa mtsinje wodzaza atamubereka kumsana, chaka chimene anadwala chikuku, ndipo sanayambe amuimbira foni. Amuna anayi amene amanyamula machila pa miyambo ya banjali akupemphedwa kuti asalonjeze kanthu msonkhanowu usanachitike. Udzayamba dzuwa likafunda. Wofika 10 koloko ya pa wotchi adzapeza mbuzi zokha. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Lok Bahadur Basnet, ku Kaphalbot.

Chachifupi ichi. Woyendetsa basi ya pakati pa Dandagaun ndi Simle akudziwitsa bambo wa jekete yotuwa amene amafika pa siteji 7 koloko isanakwane kuti nthawi imene ili pa chikwangwani inalembedwa ndi wopenta, ndipo wopentayo sanafunse munthu. Akuwapemphanso kuti asiye kuima pamzere okhaokha basi ikafika, chifukwa yawasiya kale katatu ndipo mtima wa woyendetsa sukumva bwino. Chilengezochi chachokera kwa woyendetsa basi ndi kondakitala wake.

Tsopano cha munthu wosowa. Mayi Jamuna Basnet a ku Dandagaun akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo wamwamuna, dzina lake Tilak, anachoka pakhomo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ndipo mpaka lero sanabwerere. Ndi wamtali pang'ono, ali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere. Amadya ndi dzanja, mbale zitatu za mpunga, akudandaula kuti mphodza zachepa mchere. Akaseka ku Dandagaun, a ku Tallo Besi amafunsana kuti kwagwanji. Sanafikepo kulikonse pa nthawi yake, ngakhale kubadwa kumene anachedwa ndi masabata awiri.

Akuti mwezi watha pakhomo pawo panafika bambo wina wa nkhope yomweyo ndi chipsera chomwecho. Bamboyu amagogoda asanalowe m'khitchini mwa mayi ake. Amadya ndi supuni, ali chiimire, ndipo akatha amatsuka mbale yake n'kuwerama kuthokoza. Akagunda chitseko amachipepesa. Amayenda osamveka, moti kangapo konse Mayi Jamuna atembenuka n'kumupeza ali kumbuyo kwawo akudikira kuti amalize kutsokomola ndiye ayankhule. Sakumuneneza choipa chilichonse. Ndi mlendo wabwino, ndipo wakonza denga.

Koma Mayi Jamuna akuchita mantha, ndipo apempha kuti tinene choncho osabisa. Anakwatiwira m'mudzi umenewu ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Palibe munda ku Dandagaun umene sanawokeremo mpunga, ndipo palibe khomo limene sanakalirepo maliro. Tsiku loti mudzi uwanyamule ndi limodzi lokha pa moyo wa munthu. Akuopa kuti Lachisanu adzakhala pa machila pakati pa bwalo, atavala bwino, mipando makumi anayi ikuwayang'ana, popanda phewa ndi limodzi lomwe lowakweza. Amene angaone mwana wawo amuuze kuti afulumire, kapena achedwe monga amachitira, bola afike. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Jamuna Basnet, ndipo awalembera ndi mwana wawo wamkazi, Mayi Mithu Karki.

Chiweto chosowa. Banja la malemu Bambo Padam Basnet likudziwitsa anthu onse kuti njati yawo yamkaka, dzina lake Gajali, yothyoka nyanga yakumanja, yasowa Lolemba m'mawa. Inapita kukamwa madzi ndi Bambo Tilak. Amene anaona akuti itafika pa kasupe inangopitirira, ndipo Bambo Tilak ankaitsatira pambuyo akuipempha mwaulemu kuti ibwerere. Banja likufotokoza kuti njatiyi inaleredwa ndi malemu, ndipo mawu aulemu siiwadziwa. Imamva ikakuwiridwa, makamaka ikatukwanidwa. Aliyense wofuna kuthandiza kufunafuna afike pakhomo. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Mithu Karki, m'malo mwa banja lonse.

Zotsatira za msonkhano wa pansi pa mkuyu. Bambo Lok Bahadur Basnet akudziwitsa abale kuti atakambirana kuyambira masana mpaka mbuzi kulowa m'khola, banja lapeza kuti silinaitanidwe. Akuti zawapweteka, chifukwa alamu awo alibe mlandu, koma munthu sapita kumwambo ngati galu wotsata fungo. Pa nkhani ya njati, onse ndi okonzeka kuthandiza. Wofuna thandizolo ayambe waimba foni n'kunena kuti akufuna anthu angati. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Lok Bahadur Basnet.

Bambo Tilak Basnet akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti tsiku loimba foni latha, ndipo alandira foni imodzi. Anaimba ndi wansembe, kufunsa ngati mwambo ulipobe. Akuthokoza wansembe chifukwa chosunga nthawi. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Tilak Basnet.

Ichinso n'chawo, koma chalembedwa pamanja, ndipo sichinapindidwe bwino. Bambo Tilak Basnet akupepesa kwa anthu onse a ku Dandagaun, Simle, Kaphalbot ndi Tallo Besi chifukwa cha phokoso limene linamveka Lachitatu masana kuchokera ku Ratomate. Akuti anafunafuna njati masiku awiri ali okha, akuitana mosasokoneza munthu. Lachitatu anaiona ili tsidya la pamene phiri linagumuka, itaima pa kamtunda kopapatiza, dothi likuyoyoka kunsi kwa ziboda zake. Anaiitana dzina. Inawayang'ana n'kupitiriza kudya. Mwala wina utagubuduka, iwo sakudziwa chimene chinachitika, anangomva pakamwa pawo pakutuluka mawu a malemu bambo awo. Alemba mawu onse asanu ndi awiri, koma pa wailesi tingathe kuwerenga awa okha: "Iwe mfiti yopanda manyazi, bwera kuno!" Njati inatembenuka n'kubwera.

Akupepesa kwambiri chifukwa cha zimene zinatsatira, poti njati itafika iwo sanathe kusiya. Anakhala pansi n'kulira mokweza kwa nthawi imene sanaiyang'ane pa wotchi. Akufotokoza kuti uthenga wa imfa ya bambo awo, zaka zitatu zapitazo, unawapeza ali pa ntchito ku Japan, ndipo tchuthi sichinapezeke. Anamaliza tsikulo akulongedza mpunga m'timabokosi. Chipinda chimene amagona kumeneko chili ndi makoma opyapyala. Chaka chawo choyamba, woyandikana nawo chipinda anawalowetsera kalata pansi pa chitseko yodandaula kuti amaseka mokweza akamayankhula ndi mayi awo pa foni. Kuchokera pamenepo anaphunzira. Ndiye maliro a bambo awo anawalira ataluma thaulo, ndipo woyandikana nawo uja sanadandaule. Iwo ankayesa kuti nkhaniyo inathera pomwepo.

Akupepesa kwa onse amene anataya zikwakwa m'minda ya mpunga n'kuthamangira ku Ratomate poganiza kuti kwagwa munthu. Akuthokoza bambo awo aang'ono amene anafika poyamba, ali ndi chingwe, opanda nsapato, ndipo osaimba foni. Chilengezochi chachokera kwa Tilak, mwana wa Padam.

Bambo Tilak Basnet akudziwitsanso abale kuti asintha maganizo, ndipo Lachinayi ayenda khomo ndi khomo ndi supari. Makomo alipo 63. Awerengera mphindi zisanu pa khomo lililonse, ndiye akuyembekeza kumaliza 1 koloko masana. Akupempha kuti asawaphikire tiyi. Chilengezochi chachokera kwa iwo omwe.

Bambo Lok Bahadur Basnet akudziwitsa abale kuti supari wafika m'dzanja lawo Lachinayi 7 koloko m'mawa, ndipo womubweretsa wachoka pakhomo pawo dzuwa litapendeka, atamwa tiyi katatu n'kudya mpunga ndi dzanja, ngakhale wambiri unathera pa thalauza. Pofika madzulo anali atayenda makomo anayi. Popeza mwambo ndi mawa, akulu a banja akumananso ndipo agamula chonchi. Supari ndi woti munthu adziwe kuti m'bale wake akumufuna. Aliyense amene anamva mawu aja Lachitatu, kuyambira ku Ratomate mpaka ku Tallo Besi, waitanidwa. Ogontha okha ndiwo atumize mwana adzatenge supari wawo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Lok Bahadur Basnet ndi akulu a banja.

Chomaliza chafika m'mawa uno. Mayi Jamuna Basnet a ku Dandagaun akuthokoza abale ndi abwenzi onse amene anabwera Lachisanu. Mwambo unayamba 2 koloko masana. Anthu anapitirira mazana atatu, ndipo pa mipando makumi anayi ija panakhala ana. Ng'oma sizinatsitsidwe. Machila ananyamulidwa kuzungulira mudzi wonse, ndipo kutsogolo kudzanja lamanja kunali mwana wawo, amene anakana kuti wina amulandire mpaka kufika pakhomo.

Akuchotsa chilengezo chawo cha munthu wosowa. Akuti Lachitatu lija anali pakhonde akupeta mpunga, ndipo atamva mawu ochokera ku Ratomate anadzuka n'kukatereka tiyi, monga ankachitira zaka makumi asanu ndi limodzi amuna awo akamabwera ndi njati. Madzi atawira ndi pamene anakumbukira kuti amuna awo kulibe, ndipo anadziwa kuti mwana wapezeka. Sanapezeke yense. Amawapepesabe akadutsana pakhomo, ndipo mwambo uli mkati anapita kukandanda nsapato za anthu onse ziwiriziwiri, moti kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Dandagaun palibe anapita kwawo ndi nsapato ya mnzake. Mayi Jamuna akuti onse awiri ndi awo, wakale ndi watsopanoyu, ndipo anthu asiye kumuseka pa siteji ya basi.

Mwanayo akubwerera ku ntchito pa 2 mwezi wamawa. Choncho Mayi Jamuna akupempha aliyense amene ali ndi m'bale ku Japan kuti awafikitsire uthenga kwa bambo woyandikana chipinda ndi mwana wawo. Amuuze kuti Loweruka lililonse Tilak aziimbira foni mayi ake, ndipo aziseka. Zikamuvuta alembe kalata monga analembera kale, koma asailowetse pansi pa chitseko. Aitumize ku Dandagaun, nyumba ya denga latsopano, ndipo Mayi Jamuna ndiwo adzamuyankhe. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Jamuna Basnet, a zaka 84.

Zilengezo za lero zathera pamenepa. Ndinali nanu ndine Kopila Thapa.