Kabotolo ka M'khwapa

Woweta nkhuku analowa mu labu atapana mkono ngati wathyoka, kabotolo ka umuna kali m'khwapa. Pepala la mwezi watha linati mbewu zake n'zaulesi, mawu amene anamupweteka koopsa, ndipo panja pa benchi anasiya mkazi wake ndi mayi ake omubereka, amene anali atalumbira kuti vuto likapezeka kwa mpongozi, zaka zisanu zopanda mwana zakwana, mpongoziyo azipita.

"Ikani apa," anatero mayi woyeza, akuloza thireyi.

"Pachitsulo? M'chisanu chino? Zimitsani kaye choziziritsa chipindacho."

"N'cha makina athu, bambo."

"Ndiye chinandinamizira ulendo watha. Anapiye anga akazizidwa amaunjikana pakona. Mungati ndi aulesi?"

"Anapiye sitiyeza kuno." Mayiyo anayang'ana wotchi. "Malamulo akuti zifike ola lisanathe. Kwatsala mphindi khumi."

"Si izi zafika?"

"Zafika pakhomo. Pathireyi sizinafike."

"Chabwino, kwezani mkono ndikusamutsireni m'khwapa mwanumo."

Mayiyo anatsegula buku la malamulo, n'kuyendetsa chala mpaka tsamba lomaliza. "Za khwapa langa sanalembemo."

Mkuluyo, munthu woti akakana wakana, anavula jekete mbali imodzi movutikira n'kufunditsa maikulosikopu, yekha atawerama chifukwa mkono winawo unali udakali m'jeketemo.

"Mwatseka poonera."

"Bola pafunde."

"Pofunda ndi apa," anatero mayiyo, akugogoda kambale kamagetsi. "Madigiri 37, ngati thupi la munthu. Mwezi watha kanali katafa."

"Aa! Nanga osanena bwanji?"

"Simunafunse za kambale."

Anagunditsa tsaya pakambalepo monga amayesera m'nyumba ya anapiye, n'kugwedeza mutu. Kabotolo kanatuluka kali thukuta lokhalokha. Mayiyo anadontheza pagalasi, n'kusuzumira nthawi yaitali.

"Zikuthamanga. Zambiri, zamphamvu."

Chimwemwe cha mkuluyo chinali chosabisika, mano onse pamtunda. "Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mayi anga saona bwino."

"Ndilemba kuti kwa bambo kulibe vuto. Wotsatira ndi akazi anu. Aitaneni."

Anatsegula chitseko pang'ono. Mayi ake anali atakhala tsonga, chikwama pamiyendo, okonzeka kumva zawo. Kumapeto kwa benchi mkazi wake ankangoyang'ana zala zakuphazi, atafumbata botolo la madzi lomwe anamutengera iye. Chifundo chinamugwira mpaka manyazi. Anatseka chitseko mwakachetechete.

"Mayi," ananong'oneza woyezayo, "kambale kaja kazimitseni. Choziziritsacho muchikweze mpaka pomaliza, muyezenso."

"Zizizidwatu, bambo. Zisiya kuyenda."

"Zisiyeni ziunjikane pakona. Ndimazidziwa ine, n'zaulesi chibadwire."