Chinanazi anachikonda, ine anandikana

A wailesi, ndine mayi wa kufupi ndi Chonde, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa. Chaka chilichonse zinanazi zimatiwolera m'munda posowa ogula, ndiye ndinayamba kuziyanika n'kumagulitsa m'timapaketi.

Kunabwera mabwana a m'tauni ofuna kuika ndalama m'mabizinesi ang'onoang'ono. Nditalowa m'chipinda momwe anali ndinagwada, n'kupereka mbale ya chinanazi ndi manja awiri, maso pansi, monga tinaleredwera. Anadya mpaka mbale kuyera.

Kenako mmodzi anati: "Mayi, ganizoli n'labwino, koma ife timaika ndalama pa munthu. Inu simukutiyang'ana n'komwe. Kunyumba kulibe bambo kapena achimwene oti atsogolere?"

Ndinatenga mbale yanga n'kutuluka. Mabwana inu, ine ndimalimbana ndi makondakitala pa Nkando katundu ali pamutu, ana ndalera ndekha, lero mundiyese wamantha chifukwa ndakulemekezani? Simukanafunsa kaye? Kwathu kuno kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano!

Zinanazi zapsanso, ndipo mwana wanga wamkazi akukula. Omvera anzanga, ndiuzeni: ndimuphunzitse ulemu, kapena ndimuphunzitse kutong'olera akulu maso kuti adzadye?