Tsiku limene ndinazira m'chipinda cha chimanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo lero mawu anga sanjenjemera ayi.

Ndine mayi ake a Tadala, wa kutsidya kuja kwa Kasakula. Chaka chino tinakolola bwino. Koma ndani masiku ano akusiya chimanga m'nkhokwe? Akuba anatiphunzitsa. Matumba onse tinaunjika m'chipinda chogona. Anankafumbwe atayamba, ndinagula pamsika timapiritsi totuwa tija n'kuponya m'thumba lililonse. Musayang'ane pansi amayi, ndikudziwa kuti sindili ndekha.

Loweruka m'mawa ndinazira chipindacho ndi dothi lonyowa. Tadala, mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, ndinamugoneka pabedi, n'kutseka chitseko ndi zenera kuti nkhuku zisaponde pozira. Ine ulendo wa kudimba. Ndinatseka ndi manja angawa, abale. Manja angawa.

Ndili mkati mothirira, mtima unangoti bwerera. Ndinakana, ndinati nditsirize kaye mabedi awiri a mpiru. Mtima unabwerezanso, bwerera. Ndinataya ndowa pomwepo.

Nditatsegula chitseko, linandiwomba fungo ngati la nsomba yowola. Thadzi limene linkafungatira mazira pansi pa bedi linali litafa. Mwana anali atasanza, ali lefuu, akupuma mobanika. Ndinathamangira naye panja. Aneba anati timumwetse mkaka, ine ndinati ayi, kuchipatala basi. Wakabaza anatitsitsa mapiri aja pa njinga yamoto, ine ndikungoitana dzina la Yesu.

Atamuika pa makina opumira, adokotala anandifunsa zimene zinali m'chipindamo. Ndinaulula zonse. Anandifotokozera kuti timapiritsi tija tili ndi mankhwala a fosifolasi. Tikakumana ndi chinyezi timatulutsa mpweya wakupha, nthawi zina timayaka ndi moto womwe, ndipo sitisankha nankafumbwe kapena munthu. Kenako anati, "Mayi, mukanatsiriza mabedi awiriwo, bwenzi tikukamba zina."

Ndinalira, abale. Ndinadziona ngati mfiti ya mwana wanga yemwe. Masiku atatu sanayankhule. Tsiku lachinayi lake anatsegula maso n'kundipempha nthochi.

Ndiye ndaima pano wopanda manyazi, chifukwa ndikudziwa amene anandibweza kudimba kuja. Timapiritsi tija kwathu sitidzalowanso, chimanga tikusunga m'matumba osalowa mpweya, kunja kwa chipinda chogona. Wakuba akafuna abe thumba, ndidzalima china. Tadala sindingamulime.

Zikomo Ambuye wanga, zikomo. Tadala, takwera pabenchipo akuone. Ameneyo ndi mwana amene ndinamutsekera ndekha, Mulungu n'kumutsegulira. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane!