Galimoto imene ankati ikukana mkazi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga izi, ondidziwa ndi osandidziwa omwe. Ine ndine mayi a Yamikani, ndimakhala cha ku Kadewere kuno ku Chiradzulu, ndipo ndimayendetsa kagalimoto ka matola pakati pa kwathu ndi pa Njuli. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kulandidwa amuna anga ali moyo, ndi mmene Mulungu anaimitsira banja langa pogwiritsa ntchito kanthu kochepa ngati chikhadabo, kotchedwa fyuzi.

Galimotoyi ankayendetsa ndi bambo a Yamikani, ine ndinkalima nandolo ndi tomato. Chaka chathachi anagwa ali pa siteji, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu anatsekeka. Munthu amene ankacheza ndi apaulendo kuyambira pokwera mpaka potsika anangotsala ndi maso okha. Ndikawafunsa ngati akufuna madzi ankangondiyang'ana, milomo ikunjenjemera, kenako misozi. Zinandiwawa, abale anga, ndipo zimandiwawabe ndikakumbukira.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amuna angawo anandiphunzitsa kuyendetsa kalekale pabwalo la sukulu, ndipo laisensi yanga inkangogona m'sutikesi pansi pa zitenje. Ndinaitulutsa, ndinamanga duku, n'kukaima pa siteji pakati pa azibambo. Anandiseka mpaka anatopa okha. Ine ndine munthu wamakani, ngakhale mayi anga ondibala amadziwa.

Pasanapite nthawi galimoto inayamba khalidwe lachilendo. Ndikanyamula anthu, tikangofika pamabampu a msewu wathu wafumbi, injini inkangozima ngati nyali yothimitsidwa ndi mphepo. Dalaivala mnzanga, a Dayimoni, ndi amene anandionetsa kabokosi ka mafyuzi, pansi cha kumapazi a munthu wokhala mpando wakutsogolo. Anazula kamodzi kabuluu n'kukayang'ana padzuwa, ndipo kachitsulo kam'kati kanali katadukadi. Anati imeneyo ndi fyuzi ya pampu ya mafuta, ikapsa mafuta safika ku injini. Tinaika ina, galimoto inalira. M'mawa mwake inapsanso.

Chodabwitsa chinali chakuti masiku opita ndi bambo kumafizo, kokawongola ziwalo kuchipatala cha mishoni, galimoto sinkavuta n'komwe. Tinkapita awiriwiri, iwo kutsogolo ine pachiwongolero, n'kubwerako bwinobwino. Anthu a m'mudzi anaona zimenezi, ndipo mukudziwa pakamwa pa anthu. Anayamba kunena kuti galimoto imadziwa mwini wake, ikukana mkazi. Ena anati pali mankhwala amene bambo anaikamo, ndipo ine ndaswa chizimba pokhala pampando wawo. Apaulendo anayamba kundizemba. Ndani angakwere galimoto imene imusiya m'tchire ndi dengu la tomato pamutu? Masiku ambiri ndinkabwerera kunyumba chimanjamanja.

Nkhaniyi inafika kwa abale a amuna anga. Bambo anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini, monga mwa mwambo wathu, koma munthu akadwala abale ake amakhala ndi mawu. Anabwera alamu anga a Esinta, mlongo wawo wamkulu, n'kukhala pakhonde.

"Alamu, mwayesetsa, tonse taona," anatero. "Koma achimwene sangadye fumbi la mumsewu. Galimotoyi tigulitse isanafe yonse, iwowa tiwatenge tikawasamale kwathu."

Sindinganene kuti anali ndi mtima woipa. Ankaona mchimwene wawo akuonda, ndipo ankanena zoona kuti m'nyumba munalibe kanthu. Koma ine ndi bamboyu tinalumbira pamaso pa Mulungu, pamtendere ndi pamavuto. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka mwezi uthe, ikapanda kuyenda adzachite zimene akufuna. Anavomera. Bambo anali pampando wawo chapafupi, akumva zonse, osatha kunena kanthu za moyo wawo womwe.

Poti safunsa anadya phula, ndinafunsa aliyense pa siteji. Ambiri anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti galimoto ndi yakale ndipo mafyuzi ake atopa. Anati fyuzi imatha ngati teyala, munthu wanzeru amasintha onse nthawi imodzi asanayambe kuvuta. Ndinamva kuti ndi nzeru. Ndinagula phukusi lonse pamsika, ofiira, achikasu, abuluu, ndipo Loweruka ndinagwada pafumbi n'kuzula onse, ngakhale a nyali ndi a hutala amene sanandilakwirepo. Akalewo ndinawataya kudzala. Lolemba, yabuluu yatsopano inapsa tisanafike n'komwe pamsewu wa tala.

Apo a Dayimoni anabwera ndi nzeru yomaliza. Anatenga fyuzi yopsa, anaikulunga ndi kawaya kakopa kuti magetsi azingodutsa, n'kundipatsa.

"Mayi, iyi ndiye mapeto. Sidzapsanso mpaka Yesu kubwera."

Ndinaimanga pamfundo ya chitenje. Mtima sunakondwe nayo, koma sindinaitaye. M'mawa uliwonse ndisananyamuke ndinkagwira boneti n'kupemphera, ndipo pemphero langa linali lomwelomwelo: Ambuye, sindikupempha galimoto yatsopano, ndikupempha kuti amuna anga akhale m'nyumba mwawo. Kumwamba kunkaoneka ngati kwatsekedwa. Panali masiku amene ndinkapemphera ndili wokwiya, ndipo sindibisa.

Mwezi uli pafupi kutha, linafika tsiku la mafizo, ndipo mafuta anali ochepa. Kuti ndipeze ndalama zogulira ena, ndinachita zimene ndinali ndisanachitepo: ndinanyamulanso amayi atatu opita ku Njuli, bambo ali kutsogolo. Dzuwa linali litakwera ndithu. Tikutsika kulowera pakamlatho, galimoto inagunda bampu n'kuzima.

Amayi aja anayamba kung'ung'udza. Ine ndinatsika, ndinazungulira kukatsegula chitseko cha bambo, n'kugwada pamapazi awo pomwe pali kabokosi. Ndinali nayo fyuzi imodzi yabuluu yotsala, koma ndinkadziwa kuti ipsa ngati zinzake. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa ya kawaya ija. Mumtima ndinati lero zitha, galimoto iyi iyenda, ifune isafune.

Ndikutambasula dzanja, ndinamva chinthu chikundigwira pamkono mwamphamvu. Linali dzanja lamanzere la bambo, lamoyolo. Ndinakweza maso. Nkhope yawo inali itakwinyika, mitsempha yapakhosi itatuluka ngati munthu wonyamula thumba la chimanga.

"Ayi," anatero.

Abale, chigwereni pa siteji paja ndinali ndisanamve liwu lomveka kuchokera pakamwa pamenepo. Iwo analimbanabe, malovu akutuluka, mpaka linabwera lachiwiri.

"Moto."

Anandisiya mkono n'kuyamba kuloza kumbuyo, akumenya mpando ndi chigongono. Ndinawafunsa ngati akufuna amayi aja atsike, anagwedeza mutu kuvomera. Atatsika, analozabe pampando wakumbuyo, akukweza dzanja m'mwamba. Ndinagwira mpandowo n'kuukoka, ndipo unatukuka. Pansi pake panali chivundikiro cha thanki ya mafuta, ndi waya wopita ku pampu. Chitsulo cha mpando chinali chitadya chikopa cha wayayo mpaka kopa kuonekera, ndipo pamalopo panali patada ndi kupsa. Fungo la petulo linkamveka.

Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Zonse zinamveka tsopano. Anthu akakhala kumbuyo, mpando unkatsika, ndipo pabampu chitsulo chinkakhudza waya wosendekayo. Masiku a mafizo kumbuyo kunalibe munthu, n'chifukwa chake sinkazima. Panalibe mankhwala, panalibe kukana mkazi. Fyuzi zonse zija zinkapsa kuti waya asayake pamwamba pa thanki. Ndikanaika ya kawaya, panalibenso chodula magetsi. Amayi atatu aja mwina akanathawa, koma bambo sakanatha kutuluka okha pampando. Ndinalira mokweza ngati pamaliro, ndipo mmodzi wa amayiwo anagwada nane n'kuyamba kupemphera.

Nditatha kulira ndinadzuka, poti ulendo unalipo. M'bokosi la zipangizo munali tepi yakuda. Ndinakulunga wayayo, ndinamusuntha kuti atalikirane ndi chitsulo, bambo akundiyang'anira pagalasi. Ndinaika yabuluu yomaliza ija. Galimoto inalira, amayi anakwera, tinagunda mabampu onse mpaka pa Njuli osazima. Ya kawaya ndinaiponya mumtsinje.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa wokonza zamagetsi a galimoto pa Namadzi, amene anasintha wayayo. Nditamuuza kuti ndinasintha mafyuzi onse, anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anati fyuzi yabwino siitha ngati teyala, imakhala zaka ndi zaka, ndipo mwina akale amene ndinataya anali olimba kuposa a pamsika. Chofunika, anati, ndi kuwayang'ana ngati achita dzimbiri kapena akugwedera, ndi kusunga ena apadera a nambala yofanana. Ikapsa kawiri pamalo amodzi, ili ngati galu amene akuuwa: sugula galu wina, sumumanganso pakamwa, umatuluka kukaona chimene chalowa pabwalo. Madalaivala anzanga, mawu amenewo ndikukupatsani ulere. A Dayimoni nditawauza anangogwira pakamwa, ndipo madzulo ake anazula tiwaya tiwiri m'galimoto yawo.

Mwezi utatha a Esinta anabwera monga tinapangana, ali ndi chikwama chodzatengera zovala za mchimwene wawo. Ndinawafotokozera zonse, koma anaoneka okayika, ndipo sindiwaimba mlandu. Anatembenukira kwa bambo n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, tiyeni kwathu mukapume." Bambo anamenya mpando wawo ndi chikhatho.

"Pano."

A Esinta anagwetsa chikwama. Anagwada n'kugwira mawondo a mchimwene wawo, akulira kuti anenenso, anenenso. Anabwerera ndi chikwama chopanda kanthu, ndipo ndinakawatula ndine pagalimoto yomweyo, atakhala mpando wakumbuyo.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Bambo akuyendabe ndi ndodo, dzanja lakumanja silinadzuke, ndipo mawu amabwera amodziamodzi, ena osamveka. Apaulendo akubwerera pang'onopang'ono. Koma ndikuthokoza Mulungu wanga, amene anandimana yankho limene ndinkalikakamira n'kundipatsa limene sindinayerekeze n'kupempha. Ndikuthokozanso amayi atatu aja, amene anapirira nane padzuwa osandinyoza.

Inu amene mukusamala wodwala, ndipo anthu ayamba kulankhula pamaso pake ngati palibe, musafooke ndipo musamuchotsere ulemu wake. Munthuyo alimo, akumva, ndipo Mulungu sanamalize naye. Inu amene vuto lomwelomwelo likubwerezabwereza, musathamangire njira yachidule chifukwa cha kutopa. Pempherani, limbani mtima, funani pamene pali chilonda. Ine mawa ndidzukanso, ndiwasambitsa amuna anga m'nyumba mwawo, ndiwaveka malaya oyera, kenako tipita tonse ku siteji.